Msewu wopita kuphiri: tingadziwe bwanji ngati ndi wa tonse kapena uli ndi mwini?

Funso lochokera kwa bambo wina wa ku Katawa: "Ndinasamukira kuno ku Mzuzu chaka chatha kuchokera ku Dedza. Ine ndi anzanga asanu timakonda kuyenda m'mapiri Loweruka. Mwezi watha tinatsata mapu a pafoni, tinapatuka pamsewu wa ku Nkhata Bay n'kulowa msewu wafumbi wolunjika kuphiri lina. Titalowa mkati ndithu tinapeza mtengo wopingasa ndi mlonda, amene anatibweza ponena kuti msewuwo ndi wa esiteti. Pamphambano panalibe chikwangwani chilichonse. Sabata yotsatira tinapita kwina, ndipo anyamata anatiimitsa kuti tilipire chifukwa phirilo ndi la mudzi wawo. Kodi mlonda uja anali ndi mphamvu yotibweza? Nanga tingadziwe bwanji tisananyamuke kuti msewu uwu ndi wa boma, uwu ndi wa munthu?"

Zikomo bambo polemba. Ndiyambe ndi mlonda uja, chifukwa zikuoneka kuti mukadali naye chakukhosi. Ngati msewu munalowawo unalambulidwa ndi esiteti pamalo ake a lizi, mlondayo sanalakwe. Mwini malo ali ndi ufulu wosankha amene alowe, ndipo kusowa kwa chikwangwani pamphambano sikusandutsa msewu wake kukhala wa tonse. Inunso simunapalamule: munalowa osadziwa, mutauzidwa munabwerera. Nkhani imakula pamene munthu walowa ndi cholinga choipa, kapena wauzidwa kuti atuluke iye n'kukakamira ndi kuyamba kuopseza. Munachita bwino kutembenuza galimoto.

Ndagwira ntchito yoyeza malo m'chigawo chino kwa zaka zambiri, ndipo mapiri ambiri ndinayamba kuwakwera nditasenza zida zantchito ndisanayambe kuwakwera mongosangalala. Chimene ndaona n'chakuti anthu amafunsa funso limodzi pamene mafunso alipo awiri. Loyamba ndi lomwe mwafunsali, loti msewu ndi wa yani. Lachiwiri, lomwe ambiri amaliiwala, ndi loti nthaka imene mupondepo mukangochoka pamsewupo ndi ya yani. Msewu utha kukhala wa boma koma phiri limene ukulambalala lili m'manja mwa wina. Phiri litha kukhala la boma koma msewu wachidule wofikirako ndi wa kampani. Kwanu ku Dedza munazolowera phiri limene lili m'nkhalango ya boma, msewu wake n'kumakwera mpaka kunsanja zapamwamba paja, ndipo aliyense m'tauni amadziwa polowera. Kuno malo a boma, a mafumu, a mpingo ndi a makampani analukanalukana, moti paulendo wa maola atatu mutha kuponda onsewo.

Za misewu n'zosavuta kwenikweni. Misewu imene boma linaiika m'kaundula ili ndi chilembo ndi nambala. Ya M ndi ikuluikulu, monga M1 wochokera ku Lilongwe kudzera ku Jenda ndi ku Chikangawa, kudutsa mumzinda muno kupita ku Karonga, ndi M5 wotsikira ku Nkhata Bay. Pansi pake pali ya S, kenako ya T, kenako ya D. Ikuluikuluyi amaisamalira ndi a Roads Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006, pamene ya D ndi ya m'midzi kawirikawiri imakhala m'manja mwa makhonsolo. Msewu wokhala ndi chilembo chotere ndi wa tonse. Munthu wamba sangauikire chipata, ngakhale utadutsa pakati pa munda wake. Koma misewu yambiri ya m'midzi ilibe nambala, chikhalirecho ndi ya aliyense chifukwa ndi imene anthu amapitira kuchigayo, kusukulu ndi kuchipatala. Choncho nambala ikakhalapo mtima ukhale m'malo, koma ikasowa musathamangire kunena kuti msewuwo ndi wa munthu.

Ufulu umene msewu wa boma umakupatsani uli ndi malire ake m'mbali. Pamsewu wa M, lamulo limapatula mamita 60, ndiye kuti 30 mbali iyi ndi 30 mbali inayo kuchokera pakati. Pa misewu ing'onoing'ono malowa ndi ochepa. Mukadutsa pamenepo mwalowa m'malo a wina, ndipo funso lachiwiri lija layamba kugwira ntchito. Taganizirani za thanthwe looneka ngati njovu lija limene mumaliona mukamadutsa pa Viphya. Kuima m'mbali mwa M1 n'kulijambula palibe angakufunseni. Kusiya galimoto n'kuyamba kulowera komweko ndi nkhani ina, chifukwa mwalowa m'nkhalango yokhala ndi oiyang'anira.

Malamulo a malo a mu 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, amasiyanitsa malo a boma, malo a makolo amene amayendetsedwa kudzera mwa mafumu, ndi malo a munthu kapena kampani okhala ndi mapepala, kaya a lizi kaya a umwini wamuyaya. Palibe phiri lopanda mwini m'Malawi muno. Limene likuoneka ngati tchire chabe lili m'gulu limodzi mwa atatuwa, ndipo gulu lililonse lili ndi khomo lake logogodapo.

Pa Chikangawa ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene mapu a pafoni amasocheretsa anthu ambiri. Nkhalango ya paini ya Viphya ndi ya mahekitala pafupifupi 53,000. Nthaka ndi ya boma, koma zigawo zake zinaperekedwa pamgwirizano kwa makampani ndi magulu ocheka matabwa, ndipo chigawo chachikulu chili ndi kampani ya Raiply. Mkati mwake muli misewu yosawerengeka. Siinalambulidwe kuti anthu aziyendamo paulendo. Ndi yotulutsira mitengo ndi yothamangira kukazimitsa moto. Ina mwa mizere imene foni imaionetsa ngati misewu si misewu n'komwe, ndi mipata yolimidwa kuti moto usadumphe kuchoka m'buloko ina, kutanthauza kachigawo ka mitengo, kupita m'buloko ina. Mapu a Google ndi ena otere amajambulidwa kwambiri kuchokera pa zithunzi zamumlengalenga ndi pa zimene anthu alembamo. Chithunzi chimaona mzere wofiira pakati pa mitengo, koma sichiona unyolo, sichiona mlatho wamatabwa umene unawola, ndipo sichidziwa lizi. Foni ikakuuzani kuti khotani kumanzere, yangokuuzani kuti pali podutsa, osati kuti mwaloledwa.

Kulowa m'misewu imeneyi osauza munthu ndimakuletsa ndi mtima wonse, ndipo chifukwa changa si lamulo lokha. Malole odzaza mitengo amatsika m'makhotamo dalaivala akudziwa kuti kutsogolo kulibe munthu. Nkhungu ya pa Chikangawa ikatsika, mabuloko onse amafanana, ndipo munthu amazungulira pamodzimodzi mpaka dzuwa kulowa, kuzizira n'kuyamba kuluma. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba ndi nyengo ya moto. Nkhalangoyi yapsa kambirimbiri, ndipo moto ukabuka tsiku limene gulu la alendo osadziwika linaoneka likulowa, oyamba kufunsidwa mudzakhala inu. Lamulo la nkhalango la mu 1997 limaletsa kudula mitengo, kuyatsa moto, kusaka ndi kumanga m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020. Ngakhale kamoto kowiritsira tiyi, m'mwezi wa Okutobala, kakhoza kukuikani m'mavuto aakulu. Njira yake ndi yophweka: imani pa ofesi ya zankhalango yapafupi, monga ku Lusangazi, ku Chikangawa kapena ku Luwawa, nenani kumene mukupita, muli angati ndi nthawi imene mutuluke. Iwo adzakuuzani ngati chigawocho chili m'manja mwawo kapena mwa kampani, komanso kumene akugwetsa mitengo sabata imeneyo. Kumbali ya Luwawa kuli njira zoyendamo zodziwika kale, ndipo gulu longoyamba kumene ndingalilangize kuyambira kumeneko.

Pafupi ndi mzinda pali nkhalango ya Kaning'ina, imene imakopa chifukwa munthu amaiona ali pakhonde. Imeneyi ndi yotetezedwa, ndipo ndi imene imasunga madzi a damu la Lunyangwa, lomwe a Northern Region Water Board amatungamo madzi amene mukumwa ku Katawako. Msewu wopita kudamu kapena kumathanki ndi wa ntchito ya madzi, choncho kupempha n'kofunika. Chimodzimodzi misewu yokwera kunsanja za mafoni ndi yotsata mawaya a ESCOM: inakonzedwa kuti amisiri azifika pa zida zawo. Malo a asilikali, monga ozungulira Moyale, musawayandikire ndi kamera, ndipo mukaona chikwangwani chawo bwererani pomwepo popanda kukambirana.

Ku Nyika zinthu n'zolongosoka kale. Msewu wochokera ku Rumphi kudzera ku Bolero ukafika pachipata cha Thazima umapitirira mkati mwa paki kulowera ku Nthalire ndi ku Chitipa. Ndi msewu wa boma, komabe pachipata mumaima n'kulembetsa, ndipo wopita ku Chelinda kapena wofuna kukwera Nganda, nsonga yotalika mamita oposa 2,600, amalipira ndalama yolowera n'kutsata malamulo a paki. Apa m'pamene mafunso awiri aja amaonekera poyera: msewu ndi wa tonse, koma udzu wa m'mbali mwake uli pansi pa lamulo la nyama zakutchire.

Tsopano za maesiteti. Kumbali ya Nkhata Bay kuli minda ikuluikulu, monga ya tiyi ku Kawalazi ndi ya mphira ku Vizara, ndi ina yaing'ono ya anthu wamba. Pali misewu ya boma yodutsa m'minda yotere, ndipo pali misewu ya esiteti yeniyeni yongofika kufakitale, kunyumba za antchito ndi m'minda. Chimene chimasokoneza alendo n'chakuti mumaona anthu a m'midzi yoyandikana akudutsa pachipata ndi njinga zawo, mlonda osawafunsa, inu n'kubwezedwa. Sikuti ndi tsankho nthawi zonse. Njira zimene anthu akhala akudutsa kuyambira kale eni minda ambiri amazisiya zotsegula, ndipo nthawi zina ufulu wodutsawo umalembedwa ndithu pamapepala a malowo. Koma ndi ufulu wodutsa popita kwanu kapena kumsika. Sufika poti galimoto ya alendo iimikidwe m'munda tsiku lonse eni ake ali kuphiri.

Ndikufotokozereni zimene zinandisintha maganizo pa alonda. Chaka china ndinatsogolera gulu la achinyamata a kumpingo kwathu. Tinakwera phiri kuchokera kumudzi, mbali yopanda mpanda, ndipo potsika tinasankha msewu wabwino umene tinauona kumbali inayo. Tinafika pachipata cha esiteti ina cha kumadzulo, tikuchokera mkati. Mlonda, bambo wachikulire, anayamba kunjenjemera. Sanatikalipire. Anangoti m'buku lake mulibe munthu amene walowa tsiku limenelo, ndiye akafunsidwa kuti anthu khumi ndi awiri atuluka bwanji, ayankha chiyani? Sabata yomweyo kunali kutabedwa mapaipi. Tinakhala naye mpaka kapitawo atabwera, ndipo ndinalemba pansi dzina langa ndi njira imene tinadzera kuti mlandu usagwere iye. Kuchokera tsiku limenelo ndimaona polowera ndi potulukira pomwe ndisananyamuke, ndipo sindipempha mlonda kuti andilole mwamseri. Alibe mphamvu yopereka chilolezo. Mukamupatsa ya fanta kuti akweze mtengo uja, inu mudzasangalala tsiku limodzi, iye n'kutaya ntchito imene ikudyetsa ana ake.

Nkhani ya anyamata aja ndi yovutirapo, ndipo sindingakuuzeni kuti musamalipire kapena muzilipira nthawi zonse. Mapiri ambiri ozungulira midzi ali pamalo a makolo. Midzi ina inapatula nkhalango zake motsatira lamulo la nkhalango, ndipo ili ndi makomiti osamalira zachilengedwe amene amalondera mitengo, kulima mipata ya moto ndi kuthamangitsa ootcha makala. Komiti yotere ikapempha kangachepe kwa alendo, ine ndimapereka mokondwa, chifukwa popanda anthu amenewa phirilo likanakhala lometedwa kale. Koma palinso ongomanga chingwe pamsewu akaona galimoto yachilendo. Kuwasiyanitsa kwake n'kosavuta. Musakangane nawo, musawanyoze. Nenani mwaulemu kuti, "Chabwino achimwene, tiperekezeni kwa a mfumu tikapereke moni, ndalamayo tikaperekere komweko." A komiti yeniyeni amakondwa ndi mawu amenewa, ndipo amakhala ndi kope lolembamo alendo, ena ngakhale lisiti yokhala ndi chidindo cha mfumu. Ongofuna ya mowa amayamba kutsitsa ndalama imene anatchula kapena kubalalika. Pamalo a boma, monga paki, ndalama iliyonse iyenera kubwera ndi lisiti ya boma. Ndipo pamsewu wokhala ndi nambala palibe munthu wamba amene ali ndi mphamvu yokulipiritsani kuti mudutse, ngakhale atakwirira maenje. Chimene mungamupatse ndi chothokoza chabe.

Akuluakulu anati kufunsa ndi kudziwa njira, ndipo kumudzi mawuwa ndi enieni. Simufunika kukafika kwa Inkosi Mtwalo kapena kwa mfumu yaikulu ya dera. Nyakwawa kapena gulupu wa mudzi umene uli m'tsinde mwa phiri ndi wokwanira. Fikani ndi "Odi", perekani moni. Ambiri kuno amamva Chichewa, koma "Monire adada" ndi "Yewo chomene" zimafewetsa nkhope ya munthu msanga. Pemphani posiya galimoto, pabwalo la mfumu, pasukulu kapena patchalitchi, ndipo pemphani mnyamata wokuperekezani amene mudzamulipire mogwirizana musananyamuke. Iyeyo ndi amene adzakulambalalitseni minda ya chinangwa ndi khofi, misampha, ndi manda. Mukaona kamsitu kowirira kali pakokha pakati pa minda, musalowemo kukafuna mthunzi kapena kukadzithandiza. Kawirikawiri amakhala manda, ndipo mlandu wake pabwalo la mfumu ndi wolemera kuposa wa chipata chilichonse. Mapiri ena ali ndi ulemu wapadera. Hora, ku Mzimba, ndi kumene Angoni amachitira mwambo wa Umthetho mwezi wa Ogasiti pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, ndipo munthu sakwera ngati akukwera chulu cha kuseri kwa nyumba yake. Ku Livingstonia, msewu wa Golodi wokhotakhota uja wochokera ku Chitimba ndi wa tonse, koma pamwamba pali malo a mishoni imene inakhazikika pa Khondowe mu 1894, pali minda ya anthu, pali malo ogona alendo, ndipo njira zopita ku mathithi a Manchewe ndi kuphiri la Chombe zimadutsa mwa ena mwa amenewa. Operekeza alendo aliko, atengeni.

Mukakhala kale panjira, nthaka yokha imanena zambiri. Msewu wa tonse umakhala ndi moyo: tinjira tambiri tolowamo, mjigo, chigayo, tchalitchi, kagolosale, ana a sukulu, matayala a njinga zakabaza. Msewu wa mwini umakhala wosalala bwino koma wachete, ngalande zake zolambulidwa mofanana, mitengo ya m'mbali yobzalidwa pamzere, matayala ake a thirakitala kapena lole zokhazokha, ndipo umalunjika pamalo amodzi. Mukaona timiyala tasimenti tokhala ndi chitsulo pakati, amenewo ndi mabikoni, ndiye kuti malowo anayezedwa ndipo ali ndi mapepala. Musawazule kapena kuwasuntha, ndi mlandu. Koma gwero labwino koposa ndi anyamata a kabaza pasiteji yapamphambano. Afunseni mafunso atatu: msewuwu ukuthera kuti, pali chipata, ndipo amaukonza ndani mvula ikauwononga. Akati amakonza ndi a khonsolo kapena anthu a m'mudzi pachitukuko, pitani. Akati amakonza ndi a kampani, yembekezerani mlonda kutsogolo.

Ofuna chitsimikizo chenicheni, makamaka ngati ndi njira imene muzidutsamo kawirikawiri, apite ku ofesi yoona za misewu ndi zomangamanga kukhonsolo ya dera limenelo: ya mzinda wa Mzuzu, ya M'mbelwa, ya Nkhata Bay kapena ya Rumphi. Kumeneko amadziwa misewu imene ili m'kaundula. Ofesi ya zamalo ya chigawo chakumpoto ili mumzinda momwe muno, ndipo ndi kumene mungafufuze ngati malo ali pa lizi. Mapu a boma a sikelo ya 1:50,000 amaonetsa malire a nkhalango zotetezedwa ndi mayina a mapiri bwino kuposa foni, ngakhale ambiri ndi akale moti misewu ina yasintha.

Pali mbali ina imene sindifuna kuibisa. Zimachitika kuti munthu wagula malo n'kutseka njira imene mudzi wonse wakhala ukudutsamo kuyambira nthawi ya agogo, kapena kuika chipata pamsewu umene uli m'kaundula wa boma. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa ovutika kwambiri si ife oyenda Loweruka koma mayi wopita kusikelo amene tsopano azungulira mtunda wautali. Mukakayikira kuti chipata china chili pamalo olakwika, musachithyole ndipo musalimbane ndi mlonda. Lembani malo ake, jambulani muli kunja, kakambeni ndi mfumu ya deralo ndi khansala, kenako kaperekeni nkhaniyo kukhonsolo. Ndimafunanso eni minda atamaika zikwangwani pamphambano penipeni, osati mkati mutayenda kale mtunda, chifukwa zikanakupulumutsani mafuta ndi mkwiyo womwe.

Phiri lija musalitaye. Bwererani tsiku lapakati pa sabata, mufunse mlonda yemweyo kuti ofesi ya manijala ili kuti. Tengani kalata yaifupi yonena kuti ndinu ndani, mudzakhala angati, tsiku liti, nambala ya galimoto, njira imene mukufuna kudzera ndi nthawi yotulukira, ndipo lonjezani kuti simudzayatsa moto, simudzathyola kanthu, ndi kuti zinyalala mudzabwerera nazo. Ambiri amalola akafunsidwa motere, ena amakupatsani ndi wantchito wokulozerani poyambira. Akavomera, pemphani asayine pakalatapo kuti mudzaonetse pachipata, chifukwa mlonda wa Loweruka sakhala yemweyo wa Lachitatu. Akakana, funsani kumudzi wa kuseri kwa phirilo; nthawi zambiri kumakhala njira ya otola nkhuni yofika pamwamba pomwepo, yotalikirapo pang'ono. Mukadzera kumeneko, mudzatsikirenso komweko.